Pulinta imasowa pa netiweki magetsi akazima: vuto lagona pa nambala yake

Funso: Ndili ndi shopu yotaipa, kupulinta ndi kupanga fotokope kufupi ndi msika wa Kapata kuno ku Chipata. Muli makompyuta awiri apatebulo a Windows 10 ndi laputopu yatsopano ya Windows 11. Pulinta yathu ndi ya laser, ili ndi polowetsa chingwe cha netiweki komanso Wi-Fi. Kompyuta imodzi imapulinta, koma magetsi akazima n'kuyakanso imalemba kuti Offline mpaka titaichotsa pulintayo n'kuiikanso. Laputopu siiona n'komwe. Mnyamata wina anayesa kulumikiza laputopu kudzera pa kompyuta imene imapulintayo, koma panatuluka uthenga wa vuto wolembedwa 0x0000011b. Chingwe tagula chatsopano, sizinathandize. Kodi pulinta yawonongeka?

Yankho: Amayi, pa zimene mwafotokozazi, pulinta yanu ili bwino, musathamangire kwa okonza ndipo musagule ina. Ikanakhala yowonongeka sibwenzi ikupulinta mukaichotsa n'kuiikanso. Chimene chikusokonekera ndi njira imene kompyuta imadzera pofuna pulintayo. Nambala ya pulinta pa netiweki imasintha magetsi akazima, pomwe kompyuta ikupitiriza kuifunafuna pa nambala yakale. Za laputopu ndi za 0x0000011b tizifika, koma tiyambe ndi nambalayi, chifukwa ikakhazikika mavuto enawo amapepuka kwambiri.

Chipangizo chilichonse cholumikizidwa ku rauta yanu, kaya ndi kompyuta, foni kapena pulinta, chimalandira nambala yotchedwa IP address. Imaoneka chonchi: 192.168.1.23. Yogawa manambalawa ndi rauta, kudzera m'dongosolo lotchedwa DHCP, ndipo imangobwereketsa kwa kanthawi, sipereka kuti akhale anu mpaka kalekale. Zili ngati amayi ogulitsa tomato pansi kunja kwa msika, opanda benchi yawoyawo: wolawirira ndiye amasankha malo, ndipo kasitomala wobwera kudzafuna amene anamugula dzulo amapeza pakhala munthu wina. Magetsi akabwera, zipangizo zonse za m'shopu zimadzuka pamodzi n'kuyamba kupempha manambala. Marauta ambiri otchipa amaiwala zimene anagawa asanazime, ndiye foni ya wantchito wanu ikhoza kutenga 192.168.1.23, pulinta n'kulandira 192.168.1.27. Kompyuta imatumizabe ntchito ku 23, kumeneko kulibe woyankha, ndipo imalemba kuti Offline. Mukaichotsa n'kuiikanso, Windows imapeza nambala yatsopanoyo, zinthu n'kuyenda mpaka magetsi adzazimenso.

Palinso china chimene chimachitika nthawi yomweyo. Pulinta imadzuka msanga, pomwe rauta, makamaka ya SIM khadi, imatenga mphindi imodzi kapena ziwiri kuti ikonzeke. Pulinta ikapempha nambala rauta isanadzuke, imasowa woiyankha, ndipo mapulinta ena amachedwa kupemphanso. N'chifukwa chake nthawi zina kungozimitsa pulinta n'kuiyatsanso rauta itadzuka kale kumathetsa vuto la tsikulo.

Musanasinthe kalikonse, ifunseni pulinta nambala imene ili nayo panopa. Pa mabatani ake kapena pa kasikirini kake funani pamene palembedwa Reports, Information kapena Network, n'kusankha Network Configuration, Network Summary kapena Status Page. Dzina limasiyana malinga ndi kampani. Idzatulutsa pepala. Mapulinta opanda kasikirini amatulutsa pepalali mukagwira batani linalake kwa masekondi angapo, nthawi zambiri lolembedwa chilembo i kapena lokhala ndi chithunzi cha pepala, ndipo kabuku ka pulintayo kamanena batani lake. Papepalapo zungulizani ndi cholembera zinthu zinayi: IP Address, Subnet Mask, Default Gateway, ndi MAC Address, nambala yachikhalire yozindikiritsa pulintayo pa netiweki, imene ena amailemba kuti Hardware Address. Lisungeni, tilifuna mobwerezabwereza.

Kenako pitani pa kompyuta iliyonse, ndi laputopu yomwe. Dinani batani la Windows ndi R pamodzi, lembani cmd, dinani Enter. Pawindo lakuda limene litseguke lembani ipconfig n'kudinanso Enter. Onani mzere wa IPv4 Address ndi wa Default Gateway. Pa netiweki yaing'ono ngati yanu, pamene Subnet Mask ndi 255.255.255.0, zigawo zitatu zoyamba za nambala ziyenera kufanana pa zipangizo zonse, chomaliza chokha ndicho chisiyane. Kompyuta ya 192.168.1.10 ndi pulinta ya 192.168.1.27 zikhoza kumvana. Laputopu ya 192.168.8.101 ndi pulinta ya 192.168.1.27 sizingamvane ngakhale zili patebulo limodzi.

Pepala lija likaonetsa nambala yoyamba ndi 169.254, kapena 0.0.0.0, ndiye kuti pulinta sinalankhulepo ndi rauta. Nambala za 169.254 chipangizo chimadzipatsa chokha chikapempha koma osayankhidwa. Apa pokha m'pamene chingwe chimakayikiridwa. Kumbuyo kwa pulinta, pamene chingwe chimalowa, mapulinta ambiri ali ndi timagetsi tiwiri, kena koyaka osazima, kena kothwanima. Ngati palibe kakuyaka, tsatirani chingwecho mpaka ku rauta muone bowo limene chalowa. Marauta ambiri ali ndi mabowo olembedwa LAN ndi limodzi la mtundu wosiyana lolembedwa WAN kapena Internet. Chingwe cha pulinta chilowe mu LAN basi. Pa marauta ena a SIM khadi bowo lomaliza limalembedwa LAN/WAN. Lisiyeni, gwiritsani ntchito enawo. Onaninso kapulasitiki kogwirira pamutu pa chingwe. Kakathyoka, chingwe chimaoneka ngati chalowa koma chitatuluka pang'ono, ndipo wosesa akangochikhudza ndi tsache, kulumikizana kwatha. Popeza chanu n'chatsopano, yesani kuchisamutsira ku bowo lina la LAN, chifukwa m'nyengo ya mvula mphezi imatha kuwotcha bowo limodzi la rauta enawo n'kutsala amoyo. Kuti mutsimikize, chotsani chingwecho ku pulinta muchilowetse ku kompyuta: kompyuta ikalandira nambala yabwino, chingwe ndi rauta zilibe mlandu. Kutalika sikungakhale vuto m'shopu, chingwe cha Cat5e kapena Cat6 chimagwira ntchito mpaka mamita 100.

Tsopano laputopu. Ndikukayikira kwambiri kuti ili pa netiweki ina, osati imene pali pulinta, ndipo ipconfig ija ikuonetsani. Kawirikawiri laputopu imakhala italumikizidwa ku hotspot ya foni ya munthu wina m'shopumo, kapena ku ka MiFi kam'thumba, pomwe makompyuta apatebulo ndi pulinta zili pa rauta yaikulu. Intaneti imatseguka bwinobwino, ndiye munthu saganiza kuti pali cholakwika. Nthawi zina ili pa rauta yoyenera koma pa Wi-Fi ya alendo, yolembedwa Guest, imene inapangidwa dala kuti olumikizidwa asaone zipangizo za mwini nyumba. M'marauta ena mulinso chotchedwa AP Isolation kapena Client Isolation, chimene chikayatsidwa chimaletsa zipangizo za pa Wi-Fi kuonana, chizimitseni. Ngati m'shopu muli marauta awiri, yachiwiriyo italumikizidwa ku yoyamba kudzera pa bowo lake la WAN, ndiye kuti muli ndi manetiweki awiri osiyana. Ikani zonse pa rauta imodzi, kapena sinthani yachiwiriyo ikhale pa Access Point Mode. Ndipo ngati pa laputopu pali VPN, izimitseni poyesa, chifukwa ma VPN ena amatsekera kompyuta kunja kwa netiweki ya m'nyumba.

Manambala akapezeka kuti akugwirizana koma laputopu siikuonabe pulinta pa mndandanda, choyambitsa chimakhala chakuti Windows 11 imatenga netiweki yatsopano iliyonse ngati ya pagulu. Lowani mu Settings, Network & internet, Wi-Fi, tsegulani Properties za netiweki ya m'shopu, ndipo pa Network profile type sankhani Private network m'malo mwa Public. Izi muchite pa netiweki yanuyi yokha, osati pa Wi-Fi ya kuhotela kapena kwina kulikonse.

Pano ndinenepo chimodzi chimene chimadyetsa anthu ndalama pachabe: kupulinta pa netiweki sikufuna bandulo. Ntchito imachoka pa kompyuta, kudutsa pa rauta, n'kufika pa pulinta osatuluka m'shopu. Bandulo ikatha, pulinta iyenera kupulintabe, bola rauta ili yoyaka. Intaneti mudzaifuna kamodzi kokha, potenga driver, pulogalamu imene imathandiza kompyuta kulankhula ndi pulinta.

Tiyese tsopano ngati kompyuta ikufikadi pa pulinta. Pawindo lakuda lija lembani ping, siyani mpata, lembani nambala ya papepala, mwachitsanzo ping 192.168.1.27. Werengani yankho mosamala, chifukwa pali msampha. Yankho labwino limakhala mizere inayi yokhala ndi mawu oti bytes=32 ndi TTL. Request timed out ndiye kuti palibe wayankha. Koma pali yankho lachitatu limene limapusitsa ambiri: limayamba ndi Reply from, munthu n'kusangalala, pomwe kumapeto kwake kwalembedwa Destination host unreachable. Mukayang'anitsitsa, nambala imene yayankhayo ndi ya kompyuta yanu yomwe, ikukuuzani kuti yafunafuna koma sinapeze aliyense. Kumeneko n'kulephera. Kuti mutsimikize kuti woyankhayo ndi pulintadi, izimitseni n'kubwereza ping. Yankho labwino likabwerabe pulinta ili yozima, ndiye kuti nambalayo yatengedwa ndi chipangizo china.

Ping ikayenda, tsegulani Chrome kapena Edge, lembani nambala yomweyo pamwamba polemba adiresi. Mapulinta ambiri a netiweki ali ndi tsamba lawolawo m'kati, loonetsa kuchuluka kwa tona, mapepala, ndi zonse za netiweki. Likachenjeza kuti tsambalo si lotetezeka, pitirizani, ndi pulinta yanu yomwe. Tsambali likatseguka, dziwani kuti chingwe, rauta ndi pulinta zonse zili bwino, ndipo chotsala chili mu Windows. Ofuna kutsimikiza mpaka pakhomo lenileni lolowera ntchito atsegule PowerShell n'kulemba Test-NetConnection 192.168.1.27 -Port 9100. Mzere wa TcpTestSucceeded ukalemba True, khomo la 9100, limene mapulinta ambiri amalandirira ntchito, ndi lotseguka. Ukalemba False, onani pa tsamba la pulinta ngati RAW kapena Port 9100 sinazimitsidwe, komanso ngati antivirus yoikidwa pa kompyutayo siikutchinga.

Tafika pa mankhwala enieni: kuipatsa pulinta nambala yosasuntha. Njira zake ndi ziwiri, ndipo muchite imodzi yokha.

Yoyamba ndi kuuza rauta kuti izisungira pulinta nambala imodzimodzi. Lembani mu Chrome nambala ya rauta, ija ya Default Gateway, imene nthawi zambiri imakhala 192.168.0.1, 192.168.1.1 kapena 192.168.8.1. Dzina ndi pasiwedi yolowera zimalembedwa pansi pa rauta, ngati sizinasinthidwe. Funani gawo la DHCP, ndipo m'menemo Address Reservation, Static Lease kapena IP and MAC Binding. Lembani MAC Address ya papepala lija ndi nambala imene mukufuna, sungani, zimitsani pulinta n'kuiyatsanso. Samalani kuti pulinta yokhala ndi chingwe ndi Wi-Fi ili ndi MAC Address ziwiri zosiyana, ndiye tengani ya njira imene mukugwiritsa ntchito. Njirayi ndi yaukhondo, koma ili ndi pofooka: imadalirabe rauta kudzuka pulinta isanapemphe, ndipo wina akadina kabatani ka Reset kumbuyo kwa rauta, zonse zafufutika. Marauta ena otchipa alibe n'komwe gawoli.

Kwa inu, ndi mmene magetsi amazimira, ndikulangizani yachiwiri: nambala ilembedwe mu pulinta momwemo. Yambani mwaona mu rauta malire a manambala amene imagawa, olembedwa Start IP ndi End IP. Tinene kuti imagawa kuyambira 192.168.1.100 mpaka 192.168.1.199. Sankhani nambala ya kunja kwa malirewo, monga 192.168.1.50. Ngati imagawa kuyambira 2 mpaka 254, chepetsani malirewo kuti athere pa 199, pulinta mudzaipatse 192.168.1.200. Apa musadumphe, chifukwa mukasankha nambala ya m'kati mwa malire, tsiku lina rauta idzaipereka kwa foni ya kasitomala, zipangizo ziwiri n'kuyamba kulimbirana nambala imodzi, ndipo pulinta izidzapulinta mwa apo ndi apo popanda chifukwa chooneka. Chitani ping pa nambala imene mwasankhayo muone kuti palibe woyankha. Kenako pa kasikirini ka pulinta kapena pa tsamba lake lija lowani mu Network, TCP/IP kapena IPv4, sinthani kuchoka pa DHCP kapena Auto kupita pa Manual kapena Static. Lembani nambalayo, Subnet Mask ikhale 255.255.255.0, Default Gateway ikhale nambala ya rauta, ndipo DNS ikafunsidwa lembaninso nambala ya rauta yomweyo. Zimitsani, yatsani, tulutsani pepala latsopano muone ngati zakhazikika. Nambalayo ilembeni pa kapepala muimate pambali pa pulinta, pamodzi ndi ya rauta. Tsiku limene mudzasinthe rauta, yatsopanoyo ikadzakhala ya 192.168.8.1, nambala ya pulinta idzafunikanso kusinthidwa kuti iyambe ndi 192.168.8.

Nambala itakhazikika, musadikirenso kuti Windows ipeze yokha pulinta. Iuzeni pamene ili. Pa laputopu ya Windows 11 lowani mu Settings, Bluetooth & devices, Printers & scanners, dinani Add device, dikirani pang'ono mpaka paoneke mawu oti Add manually. Pa Windows 10 ndi Settings, Devices, Printers & scanners, Add a printer or scanner, kenako The printer that I want isn't listed. Pawindo lotsatira sankhani mzere wonena za kuika pulinta pogwiritsa ntchito IP address or hostname. Pa Device type musasiye Autodetect, sankhani TCP/IP Device. Lembani nambala ija. Ngati driver mwatenga kale, chotsani chizindikiro pa Query the printer and automatically select the driver to use, kuti musankhe nokha. Pomaliza dinani Print a test page.

Chifukwa chosankhira TCP/IP Device n'chakuti Windows ikapeza yokha pulinta, kawirikawiri imailumikiza kudzera m'njira yotchedwa WSD. Njirayi imadalira kuti pulinta izilengeza yokha kuti ilipo, ndipo pulinta ikagona posunga magetsi kapena rauta ikazima n'kuyaka, kulengezako kumasokonekera, Windows n'kulemba Offline pulinta ili maso. Pa kompyuta imene imapulinta kale ija simufunika kuchotsa chilichonse. Tsegulani Printer properties, osati Printing preferences, pitani pa Ports. Mukaona chizindikiro chili pa mzere woyamba ndi WSD kapena pa nambala yakale, dinani Add Port, Standard TCP/IP Port, New Port, lembani nambala yatsopano, malizani, dinani Apply.

Mukadali pa Ports pomwepo, dinani Configure Port. Protocol ikhale Raw, Port Number 9100. Pansi pali kabokosi kolembedwa SNMP Status Enabled. Windows imagwiritsa ntchito SNMP pofunsa pulinta kuti ili bwanji, ndipo pulinta ikapanda kuyankha funsolo, chifukwa SNMP inazimitsidwa m'kati mwake kapena dzina la community silikugwirizana, Windows imangogamula kuti Offline ngakhale njira yonse ili yotseguka. Ngati ping ikuyenda, tsamba la pulinta likutseguka, koma Offline sakuchoka, chotsani chizindikiro m'kabokosiko. Pa Windows 10 tsegulaninso Open queue, dinani Printer pamwamba, muone kuti Use Printer Offline ndi Pause Printing zilibe chizindikiro. Kuyesayesa kwa m'mbuyomu kumasiyanso mapulinta obwereza okhala ndi mawu oti Copy 1, Copy 2. Chotsani onsewo patsale imodzi, apo ayi wantchito azitumiza ntchito ku yakufa.

Za driver ndinene mosabisa: musatenge pa masamba osadziwika amene amalonjeza ma driver onse aulere, kumeneko n'kumene makompyuta a m'mashopu amatengera mavairasi. Pitani pa tsamba la kampani yeniyeni, kaya HP, Canon, Kyocera, Brother kapena Epson, lembani dzina lonse la pulinta monga lalembedwera kutsogolo kwake, ndi zilembo zakumapeto zomwe, chifukwa zili ndi tanthauzo. HP LaserJet P1102 ndi ya USB yokha, pomwe P1102w ili ndi Wi-Fi. Windows 11 yonse ndi ya 64-bit, ndiye driver ya 32-bit ya pa CD yakale siilowa. Tengani kamodzi, sungani pa flashi, muike pa makompyuta onse atatu osawononga bandulo katatu. Ngati inabwera ngati foda ya mafailo, pa nthawi yosankha driver dinani Have Disk muloze failo yothera ndi .inf. Driver yolakwika imadziwika msanga: pulinta imalavula mapepala ambiri okhala ndi mzere umodzi wa tizilembo tosamveka pamwamba. Zikatero zimitsani pulinta musanathe rimu yonse, fufutani ntchitoyo, ikani driver yoyenera. Pa mapulinta ambiri a laser a muofesi, ya PCL 6 ndiyo yoyamba kuyesa. A Canon ambiri amafuna yawo ya UFR II. Driver yakale ikakana kuchoka, dinani Windows ndi R, lembani printui /s /t2, isankheni pa mndandanda, dinani Remove. Laputopu yatsopano ikakana pulogalamu iliyonse yosachokera mu Microsoft Store, onani mu Settings, System, About ngati sinalembedwe kuti S mode.

Nthawi zina zonse zili m'malo koma ntchito imodzi yakale yatsamira pamzere, siipulintika ndipo siifufutika, zinzake zonse zaima kumbuyo kwake. Izi zimachitika kwambiri magetsi akazima ntchito ili pakati. Funani cmd, dinani batani lakumanja la mausi musankhe Run as administrator, lembani net stop spooler. Tsegulani foda ya C:\Windows\System32\spool\PRINTERS, fufutani mafailo onse a m'katimo koma fodayo muisiye. Bwererani pawindo lakuda mulembe net start spooler.

Tibwere ku 0x0000011b. Mnyamatayo anayesa kuti laputopu izidutsira pa kompyuta ina pofika ku pulinta. Vutoli linafala kuyambira mu Seputembala 2021, Microsoft itakhwimitsa chitetezo cha kupulinta kudzera pa kompyuta ina, m'chaka chimene munapezeka bowo lodziwika ndi dzina loti PrintNightmare. Makompyuta awiri akasiyana pa ma update, kapena ina ikakhala ya Windows yakale, amakanana. Achibale ake ndi 0x00000709 ndi 0x00000bc4, amene amaoneka kwambiri pa Windows 11. Pa intaneti mupeza ambiri akulangiza kulowa mu Registry n'kuika RpcAuthnLevelPrivacyEnabled pa 0. Nthawi zambiri zimagwiradi, koma kumeneko n'kuchotsa chitetezo chimene chinaikidwa pa chifukwa, pa kompyuta imene tsiku lonse imalandira maflashi a makasitomala ndipo imasunga makope a ma NRC ndi masatifiketi a anthu. Inu simukufunika kutero. Pulinta yanu ili ndi netiweki yakeyake, ndiye kompyuta iliyonse ilankhule nayo mwachindunji pa nambala ija, ndipo 0x0000011b simudzamuonanso. Phindu lina n'lakuti laputopu izipulinta ngakhale kompyuta inayo ili yozima. Pa kompyuta imene imagawa pulinta ija, lowani mu Printer properties, Sharing, muchotse chizindikiro pa Share this printer.

Kwa owerenga amene pulinta yawo ndi ya USB yokha, kugawana kudzera pa kompyuta ndi njira imodzi imene ali nayo. Makompyuta onse awiri alandire ma update onse, akhale pa Private network, ndipo File and printer sharing iyatsidwe. Kompyuta yosunga pulinta ikhale ndi akaunti ya pasiwedi, chifukwa yopanda pasiwedi Windows imaikana pa netiweki. Dzina logawira likhale lalifupi lopanda mipata. Ikani kaye driver pa kompyuta yachiwiri. Ikakanabe, sankhani Add a local printer, Create a new port, Local Port, ndipo polemba dzina la port lembani motere: \\DZINALAKOMPYUTA\DZINALAPULINTA. Njirayi imalambalala pamene ambiri amakakamira. Dziwaninso kuti Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 mwa nthawi zonse pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 7 inasiyidwa kale mu Januwale 2020, choncho kusamvana kwa makompyuta akale ndi atsopano pa nkhani yogawana kuzipitirira.

Pakati pa chingwe ndi Wi-Fi, pulinta ya m'shopu ikhale pa chingwe. Siisuntha, ndipo chingwe sichisokonezedwa ndi makoma, makabati achitsulo kapena ma Wi-Fi a mashopu oyandikana. Mapulinta ambiri amazimitsa Wi-Fi yawo chingwe chikangolowa, ndiye musadabwe kagetsi ka Wi-Fi kakazima. Laputopu ya pa Wi-Fi ya rauta yomweyo ifikabe. Amene sangathe kukoka chingwe akumbukire kuti mapulinta ambiri, makamaka akale ndi otchipa, amamva Wi-Fi ya 2.4 GHz yokha, saona ya 5 GHz, ndipo ambiri sadziwa chitetezo cha WPA3, amafuna WPA2. Mukasintha dzina kapena pasiwedi ya Wi-Fi, pulinta iyenera kuuzidwanso. Pa mndandanda wa Wi-Fi mukaona dzina loyamba ndi DIRECT lotsatiridwa ndi dzina la pulinta, imeneyo ndi Wi-Fi ya pulinta yokha yolumikizira chipangizo mwachindunji, si netiweki ya m'shopu, ndipo laputopu ikalowa kumeneko kawirikawiri imataya intaneti.

Pa za magetsi, ngati muli ndi UPS (batire yogwirizira zipangizo magetsi akazima) yaing'ono ya 650VA, ikanipo rauta ndi kompyuta, koma pulinta ya laser ayi. M'kati mwake muli fuser, chotenthetsera chimene chimamatitsa tona papepala pa kutentha kofika pafupi madigiri 200, ndipo poyamba kutentha chimakoka mawati mazanamazana nthawi imodzi. UPS yaing'ono imalira n'kuzima, n'kugwetsa kompyuta yomwe imayenera kuiteteza. Inveta ya sola yaing'ono imachitanso chimodzimodzi, choncho onani mawati olembedwa kumbuyo kwa pulinta musanailumikize. Rauta imadya pang'ono kwambiri, ndipo ikamakhala yoyaka nthawi zonse siiwala manambala a zipangizo zina. Pulinta ikhale pa surge protector yabwino. Magetsi akazima, izimitseni pa soketi, ndipo akabwera dikirani mphindi ziwiri kapena zitatu, rauta idzuke, kenako muyatse pulinta.

Test page ikatuluka koma ntchito za makasitomala zikaima, pulinta n'kumathwanima kapena kulemba Load Letter, vuto si netiweki. Driver zambiri zimabwera zitaikidwa pa pepala la Letter la ku America, la mamilimita 216 ndi 279, pomwe m'thireyi mwanu muli A4 ya mamilimita 210 ndi 297. Sinthani kukhala A4 mu Printing preferences, komanso mu Printer properties pa Advanced, Printing Defaults, ndi pa kasikirini ka pulinta pa kukula kwa pepala la m'thireyi. Kalata yochokera pa flashi ya kasitomala imabwera ndi kukula kwakekwake, ndiye mu Word onani pa Layout, Size musanatumize. Ndipo mukadzalumikiza makina aakulu a fotokope ogulidwa kale kwa ena, ntchito n'kumachoka pa kompyuta bwinobwino koma osatuluka pepala, onani ngati eni ake akale sanasiye Department ID kapena Job Accounting yoyaka. Makina otero amataya mwakachetechete ntchito iliyonse yobwera popanda nambala yachinsinsi, ndipo muyenera kuizimitsa pa makinawo kapena kulemba nambalayo mu driver ya kompyuta iliyonse.